Makalata a malume amene tawapeza m'chitini

Nabanda wa ku Domwe: Mwaswera bwanji akuluakulu ndi anzanga nonse. Pepani ndadula nkhani ya mitengo ya feteleza ija. Sabata yatha timasasula denga la nyumba ya malemu agogo anga, ndiye pansi pa bedi tinapeza sutukesi yachitsulo, m'katimo muli chitini cha mabisiketi chomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kutsegula, makalata 9. Onse ndi a malume anga amene anagwidwa usilikali pa msika wa Ulongwe mu 1984, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni kuno ku Mozambique, ine ndisanabadwe. Sanabwereko. Ndawerenga usiku wonse mpaka tochi kuzima. Chandizunguza mutu n'chakuti kalata iliyonse ikuyamba chimodzimodzi: "Okondedwa mayi, ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko." Zoona munthu angakhale pa nkhondo zaka 7 n'kumangokhala bwino? Amene munaliko tandiuzani.

Mbewe wa ku Furancungo: Pepani mayi. Koma musamawagwiregwire, pensulo imafufutika ndi zala. Ajambuleni pa foni lero lomwe.

Nabanda wa ku Domwe: Ndajambula kale achimwene. Ambiri ndi a pensulo ndithu, pa mapepala ong'amba m'kope la masamu, la timabokosi lija. Imodzi analemba kuseri kwa pepala la paketi ya ndudu. Envulopu palibe, ankangopinda n'kumata. Chomatiracho ndikuyesa inali nsima, chifukwa mphemvu zadya m'mbali mokhamokha momwe anamata.

AJere a ku Tsangano: Ndine mdzukulu wa aJere, foni ndi yanga koma mawu ndi awo. Ndawawerengera uthenga wanu ndiye akuti ndilembe chonchi. Mwana wanga, iwe umafuna alembe chiyani? Ine anandigwira mu 1983, nthawi ya tira-camisa, ankakuvula malaya kuti ukathawa aliyense akuzindikire, n'kukukweza m'lole. Ankati lamulo ndi zaka ziwiri. Farda, yunifolomu ya usilikali, ndinadzavula mu 1994. Zaka zonsezo ndinalembetsa makalata 6, ndipo onse ndinati ndili bwino. Yoyamba ndinalembetsa nsabwe zili yakaliyakali m'khwapa, ndili pa tsiku lachitatu ndikudya mango aawisi owiritsa m'chitini. Ndikanawauza mayi zimenezo akanatani? Akanasenza ufa kubwera nawo ku Mutarara? Ukamuuza mayi wako kuti njala yakupha, nayenso nsima imamukanika kukhosi, ndiye mwafa awiri. Chinanso, kalata inkadutsa m'manja ambiri, ndipo komandante akafuna ankaitsegula. Ukalemba kuti kuno zathina ankati ukufoola anzako. Akuti inu musalimbane ndi poyambira. Tsikani kumunsi, pamene akupempha zinthu. Malume anu ali pamenepo.

Nabanda wa ku Domwe: Agogo, mwandiliza. Ndabwereranso kumunsiko monga mwanenera. Ya 1985 akuti, "ngati alipo wobwera kuno munditumizire mchere, singano ndi ulusi." Ya 1986 akupempha sopo ngakhale kachidutswa, ndi mankhwala a zilonda za kumapazi. Ndiye pali ina yochokera ku Mocuba imene sakupempha kanthu, angoti kuno kukutentha usiku ndi usana, kulibe mapichesi, kulibe kachewere. Ndipo pafupifupi kalata iliyonse akufunsa za ng'ombe: "Kodi yamathotho ija inabereka?" Za mfuti, za anthu akufa, ngakhale liwu limodzi.

AJere a ku Tsangano: Agogo aseka pa singanoyo mpaka kutsokomola. Akuti singano inali chuma kuposa ndalama, chifukwa malipiro ankatha miyezi osabwera, ndipo akabwera meticalyo ukagule nayo chiyani, sitolo zili mbee. Farda ankakupatsa imodzi, ing'ambike pabondo usoke wekha. Mabuti akatha unkadula tayala la galimoto n'kupanga nkhwaira. Kuchapa, phulusa kapena mchenga. Akuti anthu amene sanapiteko amayesa nkhondo ndi kuwombera tsiku ndi tsiku, pamene kuwomberako mwina n'kwa mphindi 20 zokha mbandakucha, kenako miyezi iwiri mukungolondera mlatho, kutola nkhuni, kufuna chinangwa, kuphana nsabwe. Ankakumba maenje a bawo pansi n'kumasewera ndi makoko a zipolopolo. Wailesi inali imodzi gulu lonse, mabatire akatha ankawayanika padzuwa. Ndipo akuti mudziwe kuti malume anu anali munthu wodziletsa, chifukwa pepala linali la fodya. Munthu wosuta akapeza pepala ankayamba waganiza kawiri, ndilembere mayi kapena ndipichire chingambwe. Ambiri makalata ochokera kumudzi ankawerenga katatu n'kuwasuta.

Chimwene wa ku Zobwe: Kusuta kalata ya mkazi wako, aaa agogo!

AJere a ku Tsangano: Akuti inkakoma kuposa nyuzi.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe: Ndilowererepo pa za kayendedwe kake, chifukwa achinyamata angadabwe kuti makalata 9 okha pa zaka 7. Amenewo ndi amene anafika, olembedwa mwina anali ochuluka. Koreyo, ndiye kuti positi, ya m'maboma ang'onoang'ono inali itafa, misewu ili ndi mamina, mabomba okwirira pansi aja. Chimene chinkayenda ndi koluna, magalimoto ondondozana asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo. Yodziwika kwambiri ndi ija inkachoka ku Nyamapanda, kuwoloka mlatho wa Zambezi pa Tete, kudzera Moatize mpaka Zobwe, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Kalata yochokera ku Zambezia nthawi zambiri inkayenda chozungulira: ifike ku Milange, ilowe Malawi pa Muloza, ikwere basi ku Limbe, itsike ku Dedza kapena ku Lizulu, ndiye wina aiwolotse msewu. Paja kwathu kuno malire ndi msewu chabe. Miyezi inayi kapena isanu inali yosadabwitsa. Kenako chakumapeto kwa 1986, Pulezidenti Samora Machel atangomwalira pa 19 October ku Mbuzini, Angonia anakhuthukira ku Malawi. Munthu ankalembera mudzi umene munalibenso anthu.

Chimwene wa ku Zobwe: Bambo anga ankayendetsa lole mu koluna imeneyo. Amanena kuti pa mlatho pa Tete asilikali athu ankabwera pawindo, wina kupempha ndudu, wina kukupatira kapepala n'kunena kuti mukafika ku Zobwe mupatse aliyense wa ku Angonia. Keyala yake inali dzina la mfumu basi. Iwo ankaika mapepalawo pansi pa mpando m'jumbo ya shuga. Ena anakhala nawo chaka chathunthu osapeza wowapatsa, kutaya ankaopa.

Nabanda wa ku Domwe: N'zoonadi aphunzitsi, pakati pa 1986 ndi 1989 palibe kalata. Agogo ndi mayi anga anali ku Dedza nthawi imeneyo. Ziwiri zomalizira zili pa pepala losindikiza la Red Cross.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe: Amenewo ndimawadziwa bwino. Sankamatidwa, ndipo ankaloleza nkhani za pabanja zokha, a Red Cross ankayamba awerenga asanapereke. Ine ndinali mnyamata wa zaka 15 ku msasa, ndipo poti ndinkadziwa kuwerenga Chinyanja ndi Chipwitikizi, azimayi ankandiitana kuseri kwa zisakasa. Malipiro anali chikho cha nandolo kapena kamafuta ka m'botolo. Ndiulule pano poti ndakalamba: sindinkawerenga zonse. Tsiku lina mayi wina wachikulire anandipatsa uthenga wolembedwa ndi mnzake wa mwana wake. Unkanena kuti mnyamatayo anaponda mina ndipo mwendo anaudula. Ndinayang'ana mayiyo, atakhala pa mtondo wogwetsa, manja ali pa mawondo, akumwetulira kudikira. Ndinawerenga kuti mwana wanu wavulala pang'ono koma akupeza bwino. Anandipatsa mazira awiri. Mazira amenewo sindinadye, ndinapatsa mng'ono wanga. Mu 1994 mnyamatayo anafika ndi ndodo ziwiri, ine ndinkazemba njira ya kwawo mpaka mayiyo anamwalira.

Mayi a Tadala, Moatize: Aphunzitsi, inu munali mwana. Akulu ndi amene anakusenzetsani katundu woposa msinkhu.

Mwale: Ndakhala ndikungowerenga. Inu mukukamba za makalata, ife kunalibe. Ananditenga a Renamo ndili ndi zaka 13 ndikuweta ng'ombe, anandisenzetsa thumba la chimanga, ulendo wa masiku ambiri. Ku base kupezeka ndi pepala kapena pensulo unali mlandu, ankati ukulembera adani. Ndiponso ukanalembera yani, poti ankatiuza kuti kwanu anakuiwala, ukabwerera akakupha. Ine kalata yanga inali kutchula mayina usiku chamumtima, mayi, alongo anga, ng'ombe zonse, kuti ndisaiwale. Dzina la mlongo wanga wamng'ono linandithawa chaka chachitatu. Kwathu anandilira maliro. Nditabwera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mayi anathawa atandiona, anayesa mzukwa. Anachita kundisambitsa mankhwala, zovala n'kuwotcha, ndisanalowe m'nyumba.

Mnyamata wa ku Calomue: Ndiye inuyo a matsanga, a Renamo, mukufuna tikumvereni chisoni? Amene anawotcha nkhokwe za agogo anga ndi ndani? Mwina malume a mayiwa anaphedwa ndi inu nomwe.

Mwale: Mwina. Sindingakane chimene sindikudziwa. Ndinali ndi zaka 13.

Woyang'anira gulu: Achimwene a ku Calomue, bwezani mawu. Pa gulu lino tinagwirizana kuti za zipani ayi. Palibe mudzi kuno umene unalibe mwana uku ndi uku.

AJere a ku Tsangano: Agogo akuti mumusiye Mwaleyo alankhule. Akuti pa nthawi ya ONUMOZ, gulu la United Nations losungitsa mtendere, asilikali a ku Botswana akulondera msewu wa Tete, iwo anatula mfuti n'kulandira khasu, mbewu ndi ndowa, ndipo anyamata a mbali inayo analandira zomwezo. Pobwera anakwera lole imodzi ndi ena mwa iwo, mapazi onse ong'aluka chimodzimodzi. Akuti amene ali ndi mkwiyo wambiri masiku ano ndi amene sanagonepo m'dzenje.

Mnyamata wa ku Calomue: Chabwino agogo, ndamva. Koma zimawawa.

Mbewe wa ku Furancungo: Ine ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ku nkhondo yoyamba ija. Frelimo inatsegula nkhondo kuno ku Tete mu 1968, nthawi imene Apwitikizi ankakonzekera kumanga damu la Cahora Bassa, ndiye anyamata ambiri akuda analembedwa tropa, usilikali wa Apwitikizi, ena mofuna ena mokakamizidwa. Bambo anga anali mmodzi, 1971 mpaka 1973, chakumadzulo uko ku Fingoe. Iwo za makalata zinali zina. Kunali mapepala otchedwa aerograma, aulere kwa asilikali, osafuna sitampa, umalemba n'kupinda lokha n'kukhala envulopu. Achikasu anali ochokera kwa msilikali, obiriwira ngati mtambo ochokera kwa abale. Ankagawa ndi bungwe la azimayi la Movimento Nacional Feminino. Keyala sinkatchula malo, inkangokhala SPM ndi nambala, kuti mdani asadziwe kumene gulu lili. Kandege kakang'ono kakamveka, kwartelu yonse, msasa wonse wa asilikali, inkathamangira thumba la makalata kusiya mphika pamoto. Bambo ankati azungu ena ankalira ngati ana dzina lawo likapanda kuitanidwa.

Ndiye panali za madrinha de guerra, atsikana amene ankalemberana ndi asilikali osawadziwa n'komwe, kuwalimbitsa mtima. Mzungu wina mnzawo anawapezera bambo anga madrinha wa ku Portugal. Anatumiza chithunzi ataima pafupi ndi chitsime, atavala mpango. Mayi anga chithunzi chimenecho anakangana nacho zaka 30, ankamutchula kuti mkazi mnzanga wa ku Lisboa, chonsecho munthuyo sanapondepo Africa.

Mayi a Tadala, Moatize: Hahaha mayi anu ndimawamvetsa. Makalatawo alipo?

Mbewe wa ku Furancungo: Atsala awiri. Ufulu utabwera mu 1975, amene anagwira ntchito ndi Apwitikizi ankatchedwa comprometidos, ena zithunzi zawo zinkapachikidwa pa malo a ntchito kuti aliyense awadziwe. Bambo anawotcha mtolo wonse usiku m'khitchini, pamodzi ndi chipewa. Awiriwo anapulumuka chifukwa agogo anali atafunyira mbewu ya fodya. Ndawawerenga. Akuti ndili bwino, chakudya chilipo. Pamene pakamwa pawo ankatiuza kuti sardinha wa m'chitini anawakola moti mpaka imfa yawo sankafuna kumva fungo lake, ndiponso kuti ntchito yawo inali kuyenda kutsogolo kwa lole ya Berliet ndi chitsulo chosongoka kubaya pansi kufufuza mamina, phazi limodzi limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Za Wiriyamu, kumene asilikali a Apwitikizi anapha anthu ambiri a m'midzi pa 16 December 1972 kufupi ndi Tete, anazimvera kwa anzawo, ndipo sankafuna kuti tiziwafunsa.

Mayi a Tadala, Moatize: Ine nkhani yanu ikundikhudza mwina mwake chifukwa bambo a Tadala ali ku Cabo Delgado panopa. Ndi msilikali, ndipo kuyambira pamene nkhondo inayamba ku Mocímboa da Praia mu 2017 apitako kawiri. Masiku ano kulibe kudikira miyezi isanu, koma musayese n'kopepuka. Amatumiza mawu pa WhatsApp, masekondi 15: mayi a Tadala ndili bwino, ana ali bwanji, ndalama ndatumiza pa foni. Ine ndimamvetsera kakhumi, osati mawuwo, koma zakumbuyo. Kodi kuli mphepo, kodi akunong'ona, kodi anzawo akuseka. Ndiye pakatha masiku anayi kachizindikiro kali kamodzi, uthenga osafika, nsima sindidya. Agogo anu ankadziwa kuti kalata imachedwa. Ine foni ili m'manja, ndimagona nayo pansi pa pilo, ikangolira ngakhale ndi uthenga wa kampani mtima umachita kuti phaa. Ndipo zimene amatumizazo zikadzafufutika foni ikagwa m'madzi, Tadala adzapeza chiyani m'chitini?

Aphunzitsi opuma, Ulongwe: Mayi, muzilemba m'kope zimene akunenazo, ndi tsiku lake. Musaseke, ndikunena zoona.

Nabanda wa ku Domwe: Popeza mwandimasula, ndinene chimene ndinabisa poyamba. Kalata yomaliza, ya Red Cross ya 1991, ili ndi mizere iwiri kumapeto imene analemba m'Chipwitikizi, pamene zina zonse ndi Chichewa. Ine Chipwitikizi ndinaphunzira, ndamva bwinobwino. Akuti ali ndi mkazi wachilomwe kufupi ndi Mocuba, ndipo kwabadwa mwana wamkazi, amutcha dzina la agogo anga. Agogo sankadziwa kuwerenga. Amene ankawawerengera ndi mayi anga. Ndipo malume anasiya mkazi kumudzi, anali atangokwatirana chaka chimodzi. Mayi ameneyo alipo mpaka lero, anadikira mpaka 1996, maliro anakhuza opanda mtembo, sanakwatiwenso. Pakhomo pathu palibe anatchulapo za mwana ameneyu. Ndiye kuti mayi anga anadumpha mizere imeneyi, ndipo agogo apita osadziwa kuti ali ndi mdzukulu wa dzina lawo. Nditani?

Chimwene wa ku Zobwe: Eee. Apa ndiye pavuta.

Mbewe wa ku Furancungo: Malume anuwo anali ochenjera. Analemba m'Chipwitikizi dala, kuti mlongo wawo amve yekha n'kusankha chochita. Mayi anu sanabe kanthu, anapatsidwa mpeni kumpini.

Mnyamata wa ku Calomue: Koma mwanayo ndi magazi anu. Ife Angoni mwana ndi wa kwa bambo. Mufuneni.

Mayi a Tadala, Moatize: Angoni akalowola, achimwene. Analowola ndani ku Mocuba? Alomwe ndi ngati ife Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, ali ndi malume ake kumeneko. Panopa ndi mayi wa zaka zopitirira 30, mwina ali ndi ana akeake. Ine nkhawa yanga ili pa mayi anadikira uja. Ndikudziika pamalo pake. Zaka zonsezi ukusunga ulemu wa munthu, lero mwana wa mlamu wako abwere ndi pepala. Ine sindikudziwa ngati ndingafune kuuzidwa.

Mwale: Mwanayo naye mwina akutchula mayina usiku. Bambo ake anamuuza kuti kwathu ndi ku Angonia, kozizira, basi. Ine ndikanakhala inu ndikanamufuna.

AJere a ku Tsangano: Agogo akuti zimenezo zinali zambiri, asakunamizeni munthu. Mnyamata wa zaka 20 wakhala dera limodzi zaka zisanu, amene akumupatsa chinangwa ndi madzi osamba ndi banja la pomwepo, mapeto ake ndi otani? Akuti pa kutula mfuti aliyense ankafunsidwa kumene akufuna kupita, ndipo ena anasankha kwa akazi awo atsopano chifukwa cha manyazi kapena poganiza kuti kwawo kulibe wotsala. Ndiye musafulumire kunena kuti malume anu anafa mu 1991. Akhoza kukhala anafa, akhoza kukhala ali moyo akulima nandolo. Koma akuti musayambire pa Facebook. Yambani mwakhala pansi ndi mayi anu, awiriwiri, osati pamaso pa ana. Ndipo mupite ngati wofunsa, osati ngati woweruza.

Aphunzitsi opuma, Ulongwe: Ndikugwirizana ndi aJere. Ndikuwonjezera kuti pepala la Red Cross limakhala ndi malo amene wotumiza analemba kumene ali. Taonani pamwamba pake, mwina pali dzina la bairro kapena mudzi. A Cruz Vermelha, a Red Cross omwewo, ntchito yofufuza abale otayana amaigwirabe. Koma mayi anu akakana, musawakakamize tsiku lomwelo. Ndikudziwa chimene chili pamtima pawo.

Chimwene wa ku Zobwe: Ine ndimapita ku Milange kukatenga nyemba mwezi ndi mwezi, ndipo Mocuba si patali kuchokera pamenepo. Mukagwirizana pabanja mundiuze kumbali, ndikafunse kwa mafumu ndi kumatchalitchi. Dzina musaliike pagulu pano.

Nabanda wa ku Domwe: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo madzulo ndinapita kwa mayi. Ndinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Ndinangoika pepalalo pa mphasa osanena kanthu. Analiyang'ana nthawi yaitali osaligwira, kenako anati, "Ndimayesa linadyedwa ndi chiswe." Akuti tsiku limene linafika ku Dedza, agogo ndi akazi a malume anakhala pamodzi kumvetsera, mphasa imodzi, ndiye iwo akanawerenga bwanji? Anati adzanena mawa, mawa linakhala zaka. Sanalire, anangopitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti zabwino akutaya pamodzi ndi zofumbwa. Avomera kuti tifufuze. Za akazi a malume akuti akanena okha, ine ndisalowerere, ndipo akufuna ayambe akolola. Achimwene a ku Zobwe ndikulemberani kumbali, dzina la bairro lilipo pamwamba monga ananenera aphunzitsi.

AJere a ku Tsangano: Agogo akuti mwachita bwino. Koma akuti iwo chawasowetsa tulo ndi china: ng'ombe yamathotho ija inabereka?

Nabanda wa ku Domwe: Ndinafunsa, agogo. Mayi akuti inatsala m'khola usiku umene anathawa mu 1986, ili ndi bere, ndipo sanaionenso. Koma poyankha makalata a malume ankalemba kuti inabereka thole, ndipo mu 1990 analemba kuti yaberekanso lachiwiri.